Sabata Yodikira Imelo ya Tiyamike

Lolemba, Novembala 1998

Kompyuta yakana.

Ndaivundukula m'mawa monga mwa masiku onse, ndaipukuta fumbi, ndadina pomwe akamwini anandionetsa. Kabokosi kolumikizira kalira kulira kwake kuja, ngati mphaka woponderezedwa ndi chitseko, kenako zii. Pa sikirini pabwera mawu akuti pasiwedi ndi yolakwika. Yolakwika? Ine amene ndataipa makalata mu ofesi mpaka kupuma ntchito, ndingalakwitse timalemba tochepa timeneti? Ndayesanso. Chimodzimodzi.

Ndipo yasankha sabata yake! Tiyamike, mwana wanga wamkazi yekhayo, mwezi wake ndi uno. Ali ku Scotland ndi mwamuna wake Wyson, amene ali pa sukulu kumeneko. Foni yochokera kunja akuti ndi yodula, ndiye Wyson atabwera ku tchuthi anatisiyira kompyuta yake yakale, natilembetsa ku kampani ya imelo m'tauni. Mawu ake: "Mayi, Tiya akangochira ndilemba nthawi yomweyo, ndi chithunzi chomwe."

Mimba yoyamba inapita padera. Sindilemba zambiri za zimenezo. Koma mtima suli m'malo.

Pulani yanga:
- lero akonze imelo
- uthenga ukafika, woyamba kuuona ndikhale ine
- Lachinayi tikaweruka ku msonkhano wa amayi ku tchalitchi, onse ndibwere nawo kuno, tiyi ndi mandasi, aone mdzukulu wanga pa sikirini. Makamaka Mayi Kachingwe, amene chithunzi cha mdzukulu wawo wa ku Joni chatizungulira mpaka chapindika m'makona.

Ndaimba ku kampani. Wayankha mtsikana wa mawu aulemu. Akuti asintha mapasiwedi a makasitomala onse pofuna kutiteteza, ndipo anatidziwitsa. Anatidziwitsa bwanji? "Pa imelo, mayi." Nanga pasiwedi yatsopanoyo ili kuti? "Ili mu imelo yomweyo, mayi."

Akutsekera kiyi m'nyumba, iwe uli panja, n'kukuuza kuti akusungira pabwino!

Bambo a Tiya ali pakhonde ndi wailesi yawo. Anagwira ntchito ya umakaniko wa mabasi moyo wawo wonse. "Chinthu chopanda injini ine sindichikhulupirira," atero, osatembenuka n'komwe.

Zothokoza lero: magetsi sanathime. Mtsikana uja sanandidulire foni. Mango a kuseri kwa nyumba ayamba kupsa.

Lachiwiri

Kutentha! Chilomoni yense ali phuu, phiri la Michiru silikuoneka bwino chifukwa cha nthunzi.

Ndaimbanso. Lero wayankha bambo. Ndafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa mphaka uja. Wandimvetsera mpaka kumapeto, ndiye ndimuyamikire pamenepo. Kenako akuti pali lamulo latsopano: madandaulo onse azibwera pa imelo, kuti makasitomala azithandizidwa msanga.

Ndati dandaulo langa ndi lakuti imelo sikutheka.

"Ndamva, mayi. Mulembe zomwezo."

Ndilembe kuti sindikutha kulemba! Ndaseka. Iye sanaseke.

Ndachonderera, ndatchula za Tiya. Mtima wake wafewa pang'ono, wandipatsira kwa katswiri wawo. Katswiri akuti: "Musadule foni. Lumikizani kompyuta ndili pomwe pano, muzindiuza zomwe mukuona." Ndamvera. Ndadina. Foni yandilirira m'khutu kwiiii, khwee khwee, mpaka khutu kuwawa. Katswiri wasowa. Ndaimbanso. Akuti: "Mayi, mwandidula. Tiyesenso, koma musadule." Tayesanso. Kwiiii. Wasowanso.

Ulendo wachitatu ndamufunsa ngati chingwe chimodzi chingathe kunyamula iye ndi kompyuta nthawi imodzi. Akuti ayi, sichingathe, kompyuta ikamaimba foni imakhala yotseka. Ndiye bwanji mukundiuza kuti ndichite? Akuti ndi mmene anawaphunzitsira kuyankha.

Ndamuthokozabe. Mwana wa eni ali pa ntchito.

Bambo a Tiya: "Pamene Tiyayo ankabadwa, uthenga unapita kumudzi ndi kondakitala wa basi ya ku Mulanje, ndipo unafika tsiku lomwelo."

Ndawapatsa phala lawo.

Ndagula ufa wa mandasi. Chikhulupiriro!

Lachitatu

Basi, ndipita ndekha. Nkhope ndi nkhope munthu amachita manyazi.

Ndavala diresi la buluu ndi nsapato za ku tchalitchi. Minibasi yadzaza, tikukhala anayi anayi, mnzanga wa pambali wanyamula nkhuku yomwe yandiyang'ana njira yonse mpaka m'tauni.

Ofesi ili pamwamba, masitepe ambiri. Mkati mukuzizira bwino, ndipo ndakhala kaye pampando kuti thukuta liume. Pa tebulo la kutsogolo pali mtsikana wa mawu aulemu uja. Dzina lake Memory. Wandipatsa madzi ozizira ndisanapemphe. Mulungu amudalitse.

Kwatuluka bambo wa tayi wofiira, ndiye woona za makasitomala. Ndi yemwe uja wa dzulo, ndam'dziwira mawu. Ndati ndabwera ndekha, nayi nkhope yanga, ndipatseni pasiwedi. Wadinadina pa kompyuta yake. Akuti akaunti ili m'dzina la a Wyson, ndipo pasiwedi amauza mwini wake yekha.

Mwini wake ali ku Scotland!

Akuti palibe vuto, mwini wake atha kupereka chilolezo pa imelo. Mtima wanga myaa. Kenako wamaliza mawu ake: imeloyo ichokere pa adiresi yomwe analembetsa kuno, kuti atsimikize kuti ndi iyeyo.

Adiresi yake yomwe yatsekedwayo. Yomwe ili pa tebulo langa lodyera ku Chilomoni.

Ndamufunsa ngati iye akuona kuti zikumveka. Wakonza tayi. "Mayi, lamulo sindinalembe ndine."

Atalowa mkati, Memory wandikodola. Akunong'ona: "Mayi, mundipatse adiresi ya akamwini anu ya kunjako, ndiwalembera ine pa imelo yanga, tingomva ngati achira." Mwana wabwino bwanji! Koma adiresiyo sindiidziwa pamtima. Ine ndimangodina poyankhira, kompyuta imadziwa yokha. Akuti ili m'makalata akale, ndikaikopere, amenewo amatseguka ngakhale popanda pasiwedi.

Pobwerera ndadutsa pa golosale ya Che Jafali kugula shuga. Afunsa za Tiya. Anam'dziwa ali wakhanda, ndipo tisanakhale ndi foni m'nyumba mauthenga athu onse ankafikira pa foni ya m'golosale mwawo. Ndati tikudikira. "Mulungu ndi wamkulu," atero, nawonjezera masiwiti awiri m'pepala.

Zothokoza: madzi a Memory. Mpando. Masiwiti. Nkhuku ija sinandiipitsire diresi.

Lachinayi

Tsiku la tiyi ndi mandasi. Palibe tiyi, palibe mandasi, ndipo ku msonkhano wa amayi sindinapiteko. Ndatuma uthenga kuti ndili ndi zina m'tauni. Mayi Kachingwe aganiza zotani, aganize.

Adiresi ndakopera mosamala, ndi ka "a" kozungulizidwa mchira kaja. Minibasi. Masitepe. Memory wataipa ine ndikuyang'ana. Zala zake n'zofulumira, koma amataipa ndi zinayi zokha. Ndadziletsa kumukonza.

Ndamuuza alembe kuti: Wyson, ndine mayi. Imelo yathu yatsekedwa. Tiya ali bwanji? Yankhani pa adiresi ino. Bambo akupereka moni.

Yapita! Akuti ndibwere mawa, yankho ndilipeza.

Ndatsika masitepe ngati mtsikana. Ndagula nthochi pa siteji, ndapatsako mayi wina amene sindikumudziwa.

Kufika kunyumba, pakhonde palibe munthu, wailesi ili yokha. Ndalowa mwakachetechete. Bambo a Tiya ali pa kompyuta! Magalasi pamphuno, chala chimodzi m'mwamba ngati akufuna kupha nsikidzi. Kabokosi kakulira.

"Ndimapukuta fumbi," atero.

Fumbi amapukuta ndi magalasi owerengera?

Atadya avomera. Ayamba dzulo, nditangotuluka. Akuti pasiwedi ndi ngati nati yolimba, umangoyesa masipanala onse mpaka ina igwire. Ayesa kale:
- Tiyamike
- Wyson
- Chilomoni
- Mulanje
- dzina langa (ndakondwa)
- nambala ya basi yomwe ankaikonda
- dzina la timu yawo ya mpira, kangapo, chifukwa akuti mwina kompyuta sinamve

Ndawauza kuti pasiwedi yasankhidwa ndi kampani, singakhale dzina la timu yawo. Akuti kampaniyo ili mu Blantyre momwemuno, anthu ake angachemerere timu ina iti?

Kenako anena motsitsa mawu, akuyang'ana sikirini: "Mwanayu ali yekha kutali. Pa nthawi ngati ino mayi ake amayenera kukhala pafupi." Ndazindikira kuti nawonso chakudya sichikuwalowa bwino sabata ino. Ndakoka mpando. Tayesa mayina a azakhali onse.

Zothokoza: Memory. Mwamuna wanga, amene sakhulupirira chinthu chopanda injini koma wakhala nacho masiku awiri.

Lachisanu

Mitambo yakuda kuchokera ku Soche. Ndanyamuka osatenga ambulera, chifukwa cha changu.

Pa tebulo la Memory palibe Memory. Pali bambo wa tayi, lero wobiriwira. Akuti kwagwa maliro kwawo kwa Memory ku Thyolo, wanyamuka m'mamawa, abwera sabata ya mawa. Pepa, mwana wanga. Ndamupempherera pomwepo.

Kenako ndayang'ana kompyuta yake. Ili apo, yovundikira. Yankho la Wyson lili mmenemo, ndikudziwa, ndikulimva m'mafupa.

Ndafotokozera bambo wa tayi zonse, ngakhale ndimaopa kumuika Memory m'mavuto. Sanakwiye. Akuti anachita bwino. Ndiye titsegule? Wapukusa mutu. Bokosi la Memory amatsegula ndi Memory yekha, pasiwedi yake palibe wina aidziwa.

Nanga inu simungalembere Wyson pa imelo yanu? Akuti yake ndi yolandirira madandaulo basi, saloledwa kulemberapo anthu akunja. Nanga abwana anu? Ali ku msonkhano ku Lilongwe. Ndingawapeze bwanji? Tonse tikudziwa yankho: pa imelo. Ndayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka misozi, ndipo pena pake kusekako kwasanduka kulira. Pamaso pa anthu! Mayi wamkulu ngati ine!

Bambo wa tayi wasowa chochita. Wandipatsa mpango wake. Akuti mkazi wake nayenso ali ndi pakati, mwana woyamba. Akuti Lolemba alankhula ndi abwana yekha, pakamwa. Mvula itayamba, watenga ambulera yake, wandiperekeza mpaka pa siteji, iye akunyowa phewa limodzi. Dzina sindinam'funse. Munthu ndi wabwino, lamulo lake ndiye lopanda mutu.

Mvula yoyamba! Fungo la dothi lalowa mu minibasi. Ku Chilomoni madzi akutsetsereka m'misewu, ana akuvina m'matope, ngumbi zayamba kutuluka.

Kunyumba bambo a Tiya afika pa mayina a m'Baibulo. Adutsa kale Mose ndi aneneri. Ndakhala nawo, tikusinthana ngati pa mtondo: iwo atchula, ine nditaipa, kabokosi kalira, yakana, tiyambirenso.

Foni sinalire sabata yonse. Ndikudzitonthoza kuti zikanavuta akanaimba, kudula kapena kusadula. Ndiye kuti zonse zili bwino. Kapena nthawi sinakwane. Kapena Wyson akuopa kutiuza. Ayi, ndisaganize zimenezo.

Zothokoza: mvula. Ambulera ya eni. Denga silikudontha pamene pali kompyuta.

Loweruka

WACHIRA! WACHIRA! Mwana wamkazi!

Ndilembe mwadongosolo.

M'mawa ndikuchapa kuseri. Bambo a Tiya ali pa kompyuta, afika pa atumwi. Ndikumva munthu akugogoda geti ngati kwayaka moto. Che Jafali! Eni ake, ndi epuloni yawo ya m'golosale, akupuma wefuwefu chifukwa cha chitunda chathu. Munthu amene sachoka pa kauntala ngakhale pa Khirisimasi.

"Amayi, foni yanu yadwala chiyani? Akamwini anu akuti akhala akuimba kuyambira Lachitatu, engeji yokhayokha! Mpaka Tiya wakumbukira nambala yanga. Fulumirani, aimbanso pompano. Mwalandira mlendo, wamkazi!"

Kuyambira Lachitatu.

Ndayang'ana m'nyumba. Kabokosi kali mkati molira, kakuyesa Tadeyo kapena mtumwi wina. Bambo a Tiya atuluka, chala chidakali m'mwamba. Tayang'anana. Katswiri uja anandiuza yekha Lachiwiri kuti kompyuta ikamaimba foni imakhala yotseka. Ndinamva ndi khutu langa lomwe linawawa lija. Mutu sunagwire! Ife tikufunafuna uthenga pa windo, uthenga ukugogoda pa chitseko, ndipo chitsekocho tachitsamira tokha.

Ndathamanga. Thovu m'mikono, chitenje chonyowa, patapata mmodzi watsala m'matope ndipo sindinabwerere. Bambo a Tiya pambuyo, Che Jafali pambuyo pawo akukuwa kuti tisagwe.

Pa golosale anthu adzaza. Onse akudziwa kale! Mayi wogulitsa tomato, atelala a pakhonde, ngakhale bambo wobweretsa buledi amene si wa kuno n'komwe. Ndikulowa, nthungululu. Woyamba kumva ndimati ndikhala ine. Ndakhala wa kumapeto m'Chilomoni yense.

Foni yalira. Che Jafali akweza dzanja, golosale yonse zii.

Wyson. Akuti Tiya anachira Lachitatu, zinavuta pang'ono, anachita kupita ku opaleshoni, koma onse ali bwino, atuluka m'chipatala posachedwa. Akuimbira pa foni ya m'chipatala momwemo. Kenako mawu aang'ono, otopa: "Amama."

Sindikumbuka zomwe ndayankha. Mwina ndangoti mwana wanga, mwana wanga. Akuti: "Amama, musalire, foni ikudya ndalama." Ndi Tiya yemweyo, sanasinthe.

Bambo ake alanda foni. Munthu wa mawu ambiri pakhonde, apa angoti: "Ee. Ee. Chabwino. Wachita bwino. Ee." Kenako atuluka panja kukayang'ana tayala la galimoto ya buledi kwa nthawi yaitali.

Ndafuna kupereka kangachepe kwa Che Jafali chifukwa cha chitunda chija. Akana. "Mwanayo ndi wathu tonse."

Ufa wa mandasi uja wagwira ntchito. Ndakazinga masana onse, aliyense wodutsa walowa. Patapata wanga wabwera ndi mayi wa tomato, wotsukatsuka.

Zothokoza: sindingathe kuzilemba, pepala lichepa.

Lamulungu

Ku tchalitchi alengeza, koma palibe amene wadabwa. Ena andiuza kulemera kwa mwana, ine ndisanakudziwe. Akuti anamva kwa Che Jafali.

Mayi Kachingwe andikumbatira pakhomo la tchalitchi, andipatsa nsalu yatsopano yoti ndidzatumizire mwana. Ndachita manyazi ndi maganizo anga a Lolemba. Kenako afunsa: "Nanga chithunzi?"

Chithunzi chilipo. Wyson akuti anatumiza zingapo tsiku lomwelo, monga analonjezera. Zili mu imelo. Imelo ili kuseri kwa pasiwedi, pasiwedi ili mu imelo. Akuti atawerenga kalata ya Memory ija analemberanso kampani Lachisanu kupereka chilolezo choti atipatse pasiwedi, ndipo anamuyankha mwaulemu kwambiri kuti alembe kuchokera pa adiresi ya ku Chilomoni. Atumiza zina pa positi. Zifika mwina Khirisimasi isanakwane, mwina mwana atayamba kukwawa.

Bambo a Tiya azula chingwe cha kabokosi ku khoma, achikulunga bwinobwino ngati lamba wa injini, achiika m'bokosi lawo la masipanala. Akuti foni ipume. Kompyuta ndaivundikira ndi nsalu yake. Bambo wa tayi akalankhula ndi abwana ake, alankhule. Memory akabwera ndikamupepese maliro, ndimutengere mango. Za pasiwedi ndazisiya m'manja mwa Mulungu, poti mwina Iye yekha ndiye amaloledwa kuidziwa.

Dzina la mwana, Tiya ndi Wyson akuti titche ndife. Bambo a Tiya akuti Engeji. Ndawauza kuti akanenanso agona ndi njala.

Nkhope ya mdzukulu wanga sindinaione. Ndinafunsa Tiya dzulo kuti wafanana ndi ndani. Akuti mphuno ndi ya Wyson, tsitsi lambiri, koma makutu ndi a agogo ake aamuna, otambasuka ngati zitseko za minibasi.

Ndiye masana ano ndatulutsa mpando pakhonde, ndakhala pambali pawo. Iwo akumvera wailesi. Ine ndikuyang'ana makutu.

"Ukundiyang'ana chiyani?" atero.

Ndati palibe, mverani mpira wanu. Koma musatembenuke.